Khomo logogoda mwana akavutika

Anzathu omvera, amene tinakula nthawi ya nkhondo tikukumbuka m'mene ana amasowera. Banja likuthawira ku Malawi usiku, mwana watsala m'tchire kapena wapita ndi anthu ena. Nkhondo itatha pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri anabwerera kwawo kudzera pa Zóbuè, koma ana ena anabwera okha, makolo osadziwika. Ntchito yofufuza abale a ana oterewa inagwera a Acção Social, mothandizana ndi mabungwe monga Save the Children. Ankajambula ana zithunzi n'kumazionetsa m'midzi, mpaka wina anene kuti, "Uyu ndi wathu." Kwa ambiri a ife, kameneko kanali koyamba kuona boma likufunsa za mwana mmodzimmodzi.

M'chaka cha 1994 dziko la Mozambique linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana. Mu 1997 boma linakhazikitsa INAS yothandiza mabanja osauka. Pofika zaka za m'ma 2000, apolisi anayamba kutsegula Gabinete de Atendimento, chipinda chapadera cholandira amayi ndi ana ochitidwa nkhanza. Lamulo la nambala 7 la 2008 linanena poyera kuti kuteteza mwana ndi udindo wa banja, mudzi ndi boma lomwe.

Komabe panali kampata. Lamulo la mabanja la 2004 limalola mtsikana wa zaka 16 kukwatiwa makolo akavomera, ndiye nkhani zambiri zimathera kwa ankhoswe, mwana n'kusiya sukulu. Kampata kameneka kanatsekedwa ndi lamulo la nambala 19 la 2019. Tsopano ukwati ndi kuyambira zaka 18 basi. Wamkulu wokwatira mwana akhoza kukakhala kundende zaka 8 mpaka 12, ndipo makolo omupereka nawonso amalangidwa.

Ndiye lero makomo alipo: ofesi ya boma la Moatize yoona za umoyo, amayi ndi Acção Social, Gabinete ya kupolisi, Procuradoria, komanso foni yaulere ya 116. Koma maofesiwa sangadziwe za mwana wa ku Benga ngati tonse tili chete. Pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu tifunsane: mwana wa mnzako akatengedwa kukakwatiwa mawa, ugogoda khomo liti?