Emergency Alert System: njira imene boma la United States limachenjezera anthu ake

Emergency Alert System, mwachidule EAS, ndi njira imene boma la United States limafalitsira machenjezo a ngozi kudzera pa wailesi, pa TV ndi pa ma satellite. Inayamba kugwira ntchito mu 1997. Nthambi zitatu za boma ndizo zimaiyendetsa: FEMA, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, FCC, yoyang'anira mawailesi ndi makampani a mafoni, ndi National Weather Service, yoona za nyengo. Cholinga chake choyambirira n'chakuti pulezidenti athe kulankhula ndi dziko lonse pasanathe mphindi 10 pakagwa zamalodza. Komabe palibe pulezidenti amene anaigwiritsapo ntchito motero, ngakhale pa 11 Seputembala 2001 pamene zigawenga zinaomba New York ndi Washington. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi yochenjeza za mphepo zamkuntho, kusefukira kwa madzi, moto wolusa ndi ana obedwa.

Chiyambi chake ndi mantha a nkhondo ya nyukiliya. Mu 1951 Pulezidenti Harry Truman anakhazikitsa dongosolo lotchedwa CONELRAD. Nkhawa inali yakuti ndege zankhondo za Soviet Union zikhoza kulondola mafunde a wailesi mpaka kufika pa mzinda umene zikufuna kuphulitsa. Choncho adani akamabwera, mawailesi ambiri amayenera kuzima, ndipo otsalawo amaulutsa mosinthanasinthana pa 640 kapena 1240 kHz kuti oyendetsa ndege asokonezeke. Mawailesi ogulitsidwa m'zaka zimenezo ankakhala ndi kachizindikiro pa manambala awiriwa kuti munthu asavutike posaka. Mizinga yowoloka nyanja itabwera nzeruyi inatha ntchito, poti mzinga sumvera wailesi, ndipo mu 1963 m'malo mwake munalowa Emergency Broadcast System. Dongosolo limeneli ndi lomwe pambuyo pake linaloledwa kugwiritsidwa ntchito ndi zigawo ndi mizinda pa ngozi za nyengo, mpaka EAS inalowa m'malo mwake.

Kusakanikirana kwa chitetezo cha dziko ndi ngozi zachilengedwe kumaonekanso pa mbiri ya FEMA. Inakhazikitsidwa ndi Pulezidenti Jimmy Carter mu 1979, ndipo mu 2003 inaikidwa pansi pa Department of Homeland Security, unduna umene maso ake anali pa uchigawenga. Namondwe wa Katrina atamiza New Orleans mu 2005, ambiri anadzudzula kusinthaku ponena kuti kunafooketsa FEMA. Mu Juni 2006 Pulezidenti George W. Bush analamula kuti njira zonse zochenjezera zilumikizidwe, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa IPAWS, khomo limodzi limene mkulu wovomerezeka amalowetsapo uthenga n'kupita nthawi imodzi ku mawailesi, ku TV ndi ku mafoni.

Machenjezo a pa foni ya m'manja anayamba mu 2012. Sayenda ngati SMS. Nsanja ya netiweki imaulutsa uthengawo kwa foni iliyonse imene ili m'deralo, kaya ndi ya mwini mudzi kaya ya mlendo wongodutsa, motero boma silifunika kudziwa nambala ya munthu. Poyamba uthenga sunkapitirira zilembo 90. Kuyambira 2019 umafika 360. Mwini foni akhoza kutseka machenjezo ena, koma osati a dziko lonse.

Zofooka za dongosololi zaonekera kwambiri pa anthu oligwiritsa ntchito kusiyana ndi pa makina. Pa 20 Febuluwale 1971 wogwira ntchito ku Cheyenne Mountain, m'chigawo cha Colorado, anaika tepi yolakwika pa nthawi yoyesa, n'kutumiza chenjezo lenileni kwa mawailesi onse. Panatenga pafupifupi mphindi 40 kuti alifafanize, ndipo chodetsa nkhawa china chinali chakuti mawailesi ambiri sanalabadire n'komwe. Zofananazo zinachitika ku Hawaii Loweruka pa 13 Januwale 2018, pa nthawi imene America ndi North Korea ankaopsezana. Cha m'ma 8:07 m'mawa mafoni analira ndi uthenga wakuti mzinga ukubwera, aliyense abisale, ndipo si zoyeserera ayi. Anthu anathawira m'mabafa ndi m'zipinda zapansi, ena akuimbira abale awo kutsanzikana. Uthenga wotsutsa unafika pa mafoni patapita mphindi 38. Kafukufuku wa FCC anapeza kuti wogwira ntchito amene anatumiza chenjezolo anaganiza kuti zoyeserera za m'mawawo zinali zenizeni, komanso kuti ofesi yake inalibe ndondomeko yokonzeratu yobwezera chenjezo labodza. Bwanamkubwa wa Hawaii pa nthawiyo, David Ige, anavomereza kuti anachedwa kulemba pa Twitter chifukwa sankadziwa password yake.

Ku Hawaii komweko kunachitikanso cholakwa cha mbali inayo, ndipo ichi chinali choopsa zedi. Pa 8 Ogasiti 2023 moto unapsereza tauni ya Lahaina pa chilumba cha Maui n'kupha anthu pafupifupi 100. Masayirini ochenjeza sanalizidwe. Mkulu woona za ngozi pachilumbapo anati anaopa kuti anthu ayesa ndi tsunami n'kuthawira kumtunda kumene kunali motowo, ndipo patangopita masiku ochepa anatula pansi udindo. Machenjezo a pa foni anatumizidwa ndithu, koma magetsi ndi netiweki zinali zitazima m'malo ambiri.

Dongosolo lonse linayesedwa koyamba m'dziko lonse pa 9 Novembala 2011, patatha zaka 60 chikhazikitsireni CONELRAD, ndipo m'madera ena mawu sanamveke bwino pamene kwina uthenga sunafike. Kuyesa koyamba kwa mafoni a dziko lonse kunachitika pa 3 Okutobala 2018. Lamulo tsopano limafuna kuti FEMA iziyesa dongosololi kosachepera kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.