Tizilombo ta m'manyowa ndi poizoni wa zitsulo m'nthaka

Mukavundukula mulu wa manyowa kapena mwala pamalo achinyezi, mumapeza tizilombo totuwa ta miyendo 14, timene pa Chingerezi amati woodlice. Kawirikawiri sitiononga mbewu. Masana timabisala poopa kuuma, ndipo usiku timatuluka kukadya masamba akugwa, n'kuthandiza kuti aole msanga.

Nthaka ikakhala ndi mtovu, kadimiyamu kapena zinki wambiri, tizilomboti timadyera kumodzi zitsulozi n'kuzisunga m'thupi. Poizoniyu akachuluka timadya pang'ono, timakula mochedwa, tina timathawa, ndipo zinyalala zimachedwa kuola. Kumbukiraninso kuti nkhuku zimatola tizilombo tomweti.

Vuto la zitsulozi ndi loti siziola. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma nthaka yozungulira ikadali ndi mtovu mpaka lero.

Pakhomo, mtovu ungachokere m'mabatire akutha a galimoto ndi a sola. Musawaphwanye kapena kuwataya m'dzenje la manyowa, ndipo musathire m'dimba phulusa la pamalo otenthera zinyalala za m'tauni. Ngati mukukayikira nthaka yanu, funsani alangizi a zaulimi za kuiyezetsa, chifukwa maso okha sangakuuzeni.