Makhoti Opanda Apolisi

Bwalo la Russell

Mu 1966 nkhondo ya ku Vietnam inali itafika poipa. Ndege za America zinkaponya mabomba m'midzi. Panalibe khoti loti n'kuzenga mlandu dziko lamphamvu chotero. Bertrand Russell, mkulu wa ku Britain wodana ndi nkhondo, anamema anthu ophunzira kuti akhazikitse bwalo lawolawo. Mu 1967 bwaloli linakumana ku Stockholm m'dziko la Sweden, kenako ku Roskilde m'dziko la Denmark. Ankalitsogolera ndi Jean-Paul Sartre, wolemba mabuku wa ku France.

Mboni zinachokera ku Vietnam komweko. Mwana wina anaonetsa zipsera za bomba la moto pathupi pake. Boma la America linaitanidwa koma silinapite. Bwalo linagamula kuti America ndi yolakwa. Palibe anamangidwa, chifukwa bwaloli linalibe apolisi kapena ndende.

Ku Cape Town

Abale athu ambiri a ku Mzimba amagwira ntchito ku Cape Town. Kumeneko, mu 2011, bwalo lina lotere linamva madandaulo a anthu a ku Palestine. Bishopu Desmond Tutu analankhula potsegulira. Chigamulo chinali chakuti Israel ikuchita tsankho la apartheid. Israel sinabwere. Richard Goldstone, jaji wopuma wa ku South Africa, anadzudzula bwaloli. Anati oweruzawo anali odziwika kale kuti amatsutsa Israel.

Kodi amakondera?

Kuno ku Chikangawa mfumu sigamula mlandu itangomva mbali imodzi. Choncho dandaulo la Goldstone ndi lomveka. Oweruza a mabwalowa amasankhidwa ndi eni bwalo, ndipo ambiri amabwera atatenga kale mbali. Chigamulo chawo n'chopepuka. Komatu kukana kubwera sikuyeretsa munthu. Ndipo zimene mboni zanena zimalembedwa, sizifafanizika.

Pafupi nafe

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Chipwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yozungulira, ku Tete m'dziko la Mozambique, limene nthawi imeneyo linali pansi pa Portugal. Kunalibe bwalo lililonse. Ansembe a Katolika ndiwo anafunsa opulumuka n'kulemba mayina a akufa. Mu Julayi 1973 Bambo Adrian Hastings anaulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Portugal linati ndi bodza la adani ake. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ku Maputo. Palibe msilikali amene anazengedwa mlandu.