Alamu, Cham'mwamba ndi Mwambo wa Muyezo

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Mwambiwu umaphunzitsa kusamala, ndipo pali ntchito zochepa zofuna kusamala ngati yothira mankhwala m'madzi omwe mzinda wonse udzamwa.

Madzi a mumtsinje akavunduka m'dzinja, mchenga umadikha msanga, koma tinthu ta dongo timayandama kwa masiku ambiri. Chifukwa chake n'chakuti tinthu timeneti tili ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, motero timakankhana ngati ana a mitala. Ntchito ya mankhwala ndi kuthetsa kukankhanako kuti tinthuto tigwirane, tilemere, kenaka timire pansi ngati nsenga za mowa.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Olemba mbiri amati Aiguputo ankagwiritsa ntchito mchere wotchedwa alamu poyeretsa madzi cha m'ma 1500 BC. Ku India, anthu ankapaka nthanga za mtengo wa nirmali m'kati mwa mtsuko asanathiremo madzi; mtengowu ndi wa fuko limodzi ndi mateme. Ku Sudan, amayi a m'mbali mwa Nile ankasinja nthanga za cham'mwamba n'kuzithira m'madzi amatope. Onsewa muyezo wawo unali diso ndi dzanja lozolowera.

Mizinda itakula, diso lokha silinakwanenso. Pakati pa 1895 ndi 1897, katswiri George Warren Fuller anayesa madzi a mtsinje wa Ohio mumzinda wa Louisville ku America. Iye anaonetsa kuti sefa za mchenga zothamanga zimagwira bwino ntchito pokhapokha madzi atayamba athiridwa alamu wokwanira ndi kupatsidwa nthawi yodikha. Pambuyo pake panakhazikika mwambo umene ulipo mpaka lero: woyang'anira amatunga madzi m'mabotolo angapo, kawirikawiri 6, nathira muyezo wosiyana m'botolo lililonse, navundula mofulumira kenaka pang'onopang'ono, n'kuona botolo limene layera koposa.

Alamu akachepa, matope amatsala, ndipo matopewo amabisa tizilombo kuti klorini asatipeze. Akachulukitsa, madzi amawawasa, tinthu tija timayambanso kukankhana, ndipo mankhwala otsala amafika ku mpopi. Kumeneko ndiye kuchulutsa gaga m'diwa.

Tsoka la muyezo linaoneka pa 6 Julayi 1988 ku Camelford, m'chigawo cha Cornwall ku England. Dalaivala wogwirizira anafika pamalo oyeretsera madzi a Lowermoor pomwe panalibe munthu woti amufunse, ndipo anakhuthulira matani 20 a alamu m'thanki yolakwika, momwe munali madzi opita kwa anthu. Anthu pafupifupi 20,000 analandira madzi owawasa amene anasungunulanso zitsulo za m'mapaipi. Ambiri anadwala m'mimba, ena anatuluka zilonda m'kamwa ndi zidzolo pakhungu. Choipitsitsa n'chakuti poyamba anthuwo anauzidwa kuti madziwo ndi abwino kumwa. Boma la Britain linadzapepesa mu 2013, patatha zaka 25.

Ku Malawi nako nkhaniyi inasiya phazi. M'zaka zoyambirira za m'ma 1990, akatswiri a University of Leicester anayesa nthanga za cham'mwamba pamalo oyeretsera madzi a ku Thyolo m'malo mwa alamu wogula kunja, ndipo madzi amatope a m'dzinja anayera. Njira ya amayi a ku Sudan ija inavomerezedwa ndi makina. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera.

Komabe ngakhale cham'mwamba chili ndi malire. Chikachuluka chimasiya zotsalira zimene tizilombo timadya, ndipo madzi oyera m'maso amafunikabe kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Mtsinje umasintha mvula ikagwa usiku umodzi wokha, motero muyezo wa dzulo suyenera kudaliridwa lero. Woyeretsa madzi wanzeru amafunsa mtsinje m'mawa uliwonse, pakuti safunsa anadya phula.