Mbiri ya ntchito yokweza masamba pa makina ofufuzira a pa intaneti

Ntchito yokonza tsamba la pa intaneti kuti lizionekera pamwamba munthu akafufuza nkhani, yomwe eni ake amaitchula kuti search engine optimisation, mwachidule SEO, inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990, masamba atachuluka moti sizikanathekanso kuwapeza pongouzana maadiresi. Tsamba loyamba analikonza ndi Tim Berners-Lee ku CERN, malo ochitira kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, ndipo mu 1993 bungwelo litalola kuti aliyense agwiritse ntchito lusoli mwaulere, masamba anayamba kubadwa tsiku ndi tsiku. Poyamba ankasanjidwa pamanja, monga ankachitira Jerry Yang ndi David Filo omwe anayambitsa Yahoo mu 1994, koma chaka chomwecho kunabwera WebCrawler ndi Lycos, kenako AltaVista mu Disembala 1995. Makina amenewa ankatumiza mapulogalamu oyendayenda m'masamba, n'kuwerenga mawu onse ndi kuwasunga m'kaundula, ndipo kuyambira pamenepo pulogalamu ndi yomwe inkagamula kuti tsamba liti likhale loyamba.

Makina oyambirirawa ankakhulupirira kwambiri mwini tsamba. Ankawerenga kuti mawu ofufuzidwawo apezeka kangati m'tsambamo, komanso ankadalira meta keywords, kamndandanda kobisika kwa owerenga momwe mwini tsamba ankalembamo yekha nkhani zimene tsamba lake likukamba. Ochenjera sanachedwe kuona mpata, ndipo anayamba kubwereza mawu amodzimodzi kambirimbiri, kulemba zilembo zoyera pamalo poyera kuti aziwerenga ndi makina okha, ndiponso kuika mayina a anthu otchuka m'masamba ogulitsa zinthu zosagwirizana nawo n'komwe. Zinali ngati mlimi wobisa miyala m'belo la fodya podziwa kuti wogula amangoyang'ana sikelo. Pofika mu 1997, chaka chimene Danny Sullivan anayambitsa Search Engine Watch pofuna kufotokozera eni masamba mmene makinawa amagwirira ntchito, dzina loti SEO linali litayamba kumveka, ndipo panali kale anthu olandira ndalama popereka upangiri umenewu.

Zinthu zinasintha pamene Larry Page ndi Sergey Brin, ophunzira a pa yunivesite ya Stanford, anakhazikitsa Google mu Seputembala 1998. Njira yawo, yotchedwa PageRank, sinkadalira kwenikweni zimene tsamba likunena za lokha, koma inkawerenga malinki, omwe ndi timawu todina tomwe timamufikitsa munthu pa tsamba lina, ndipo linki iliyonse inkatengedwa ngati voti, yochokera ku tsamba lodalirika n'kumalemera kuposa yochokera ku tsamba losadziwika. Ganizoli linabwerekedwa kwa akatswiri a maphunziro, omwe amayeza kufunika kwa pepala la kafukufuku poona kuchuluka kwa ofufuza ena olitchula. Koma linki itangokhala ndi mtengo, inasanduka malonda, moti panabuka masamba zikwizikwi opanda nkhani iliyonse, ongolozerana okhaokha kuti akwezane. Kufooka kwa njirayi kunaonekera poyera mu 2003, pamene anthu ambiri anagwirizana zolozera mbiri ya pulezidenti wa America wa nthawiyo, George W. Bush, ndi mawu oti miserable failure, otanthauza wolephera momvetsa chisoni, kufikira mbiriyo inayamba kutuluka pamwamba wina akafufuza mawuwo, ndipo Google inathetsa zimenezi mu Januwale 2007.

Kuchokera nthawi imeneyo mbiri ya ntchitoyi yakhala ya kuthamangitsana pakati pa kampani imodzi ndi anthu ofuna kuizembera. Mu Novembala 2003 Google inasintha kasanjidwe kake, kusintha komwe amalonda anakutcha Florida, ndipo masitolo ambiri ang'onoang'ono anazimiririka pa tsamba loyamba la zotsatira nyengo ya malonda a Khirisimasi ili pafupi. Mu 2005 Google, Yahoo ndi MSN anagwirizana za chizindikiro cha nofollow, chouza makina kuti linki inayake isawerengedwe ngati voti. Zilango sizinasiye akuluakulu, chifukwa mu Febuluwale 2006 tsamba la BMW la ku Germany linachotsedwa kwakanthawi m'kaundula wa Google litapezeka kuti linkaonetsa makina mawu osiyana ndi amene linkaonetsa anthu, ndipo mu 2011 sitolo ya J.C. Penney inatsitsidwa nyuzipepala ya New York Times itaulula za malinki ogulidwa olozera kwa iyo. Chaka chomwecho Google inabweretsa njira yosanjira yotchedwa Panda, yolimbana ndi masamba a nkhani zopanda phindu zolembedwa mochuluka, ndipo mu Epulo 2012 kunabwera Penguin, yolimbana ndi malinki achinyengo, moti alangizi ena amene kale ankalipidwa kuti agule malinki anayamba kulipidwa kuti awachotse.

Kusunga masamba, komwe amakutchula kuti hosting, kunali ntchito yosiyana ndi SEO kwa nthawi yaitali. Tsamba lililonse limakhala pa seva, kompyuta yosazimitsidwa yomwe imalitumiza kwa aliyense wolifuna, ndipo popeza anthu wamba sakanakwanitsa kukhala ndi seva yawoyawo, makampani ankawabwereketsa malo, kawirikawiri masamba mazanamazana n'kumagawana seva imodzi. GeoCities, yomwe inayamba mu 1994, inkapereka malowo mwaulere, koma Yahoo itaigula mu 1999 inadzaitseka ku America mu 2009, ndipo masamba ambiri amene eni ake sanawasamutse anatayika. Ntchito ziwirizi zinakumana mu 2010, Google italengeza kuti liwiro lotsegukira tsamba liziwerengedwa posanja, ndipo zinalumikizana kwambiri mu 2014 pamene HTTPS, njira yobisira uthenga woyenda pakati pa seva ndi wowerenga, inakhalanso muyeso. Kuyambira mu Epulo 2015 masamba osawerengeka bwino pa foni anayamba kutsitsidwa kwa ofufuza pa foni, ndipo seva yochedwa inasanduka vuto la malonda osati la amisiri okha.

N'zoona kuti upangiri wambiri wa masiku ano ndi wabwino, chifukwa umalimbikitsa mitu yomveka, nkhani zoyankhadi funso la wofufuza ndi masamba otseguka msanga, koma sizichotsa mfundo yakuti ntchito yonseyi yatsamira pa malamulo amene kampani imodzi imasintha mmene yafunira popanda kuwaulula onse, kampani yomwe kuyambira mu 2000 imagulitsanso malo otsatsira malonda pa tsamba lomwelo la zotsatira. Mu Meyi 2024 Google inayamba kuika pamwamba pa zotsatira mayankho olembedwa ndi makina a nzeru zopangidwa, moti wofufuza angathe kupeza chimene akufuna osatsegula tsamba la munthu aliyense. Mu Ogasiti chaka chomwecho woweruza Amit Mehta wa ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya malamulo a mpikisano pa malonda poteteza ulamuliro wake pa msika wa kufufuza, womwe pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse anali m'manja mwake.