Ulusi ukaduka imitsani makina: mbiri ya Toyota ndi pikapu imene tikufuna kugula

 Ine ndine mlimi mnzanu, ndimalima mbatatesi ndi chimanga. Lero sindikamba za feteleza kapena mvula ayi. Ndikamba za galimoto.

Pamsonkhano wa gulu lathu la alimi mwezi wathawu padali mkangano. Papita zaka zitatu tikusonkha mametikali kuti tigule pikapu yathuyathu yotengera mbatatesi ku Tete, tileke kugulitsa pamunda kwa anthu otidyera masuku pamutu. Bambo wina adaimirira nati, "Tigule Toyota basi, imeneyo siifa. Ngakhale osaiona, tumizani ndalama." Mayi wina adamuyankha kuti, "Abambo, dzina silinyamula matumba." Anthu adaseka, koma nkhani siidathe. Ine ndidapita kunyumba ndili ndi funso: kodi dzina limeneli lidachokera kuti, ndipo tingalikhulupirire mpaka pati? Zimene ndapeza ndi izi.

Mwina simukhulupirira, koma Toyota siidayambire pa galimoto. Idayambira pa nsalu. M'chaka cha 1867, m'mudzi wina wa ku Japan, m'dera limene lero limatchedwa Shizuoka, mudabadwa mwana dzina lake Sakichi Toyoda. Bambo ake adali mlimi ngati ife tomwe, komanso kalipentala. Mayi ake ankawomba nsalu pamanja. Mnyamatayo poona mmene amayi a m'mudzimo ankavutikira, adayamba kukhoma makina amatabwa oti ntchitoyo ipepuke. Adalimbana nawo moyo wake wonse. Mu 1924 adamaliza makina otchedwa Type G. Makinawa ulusi ukatha ankasintha okha, ndipo ulusi umodzi ukangoduka ankaima okha, osapitiriza kuwomba nsalu yoipa. Sungani mfundo imeneyi anzanga, pakuti nkhani yanga yonse yagona pamenepa: ulusi ukaduka, makina aime, cholakwika chikonzedwe kaye.

Mu 1929 kampani ya ku England yotchedwa Platt Brothers idagwirizana ndi banja la Toyoda kuti igule ufulu wopanga makinawo pa mtengo wa mapaundi 100,000. Sakichi adamwalira mu 1930. Mwana wake Kiichiro adali atayenda ku America ndi ku Ulaya, ndipo mtima wake udali pa magalimoto. Nthawi imeneyo misewu ya ku Japan idadzaza ndi Ford ndi Chevrolet za ku America. Mu 1933 Kiichiro adatsegula chigawo cha magalimoto m'kati mwa kampani ya makina a nsalu ija. Adagula Chevrolet, naimasula chidutswa ndi chidutswa kuti aphunzire mmene idapangidwira. Mu 1935 adatulutsa lole yawo yoyamba, G1, ndipo mu 1936 galimoto yokwera anthu yotchedwa AA.

Mukuganiza kuti lole yoyambayo idali yolimba? Ayi ndithu. Inkafera panjira kawirikawiri, ndipo amisiri a kampani ankathamangira kumene yafera kukakonza. Ogula oyambirira adadandaula monga mmene timadandaulira ife chapa ikatisiya patchire. Chimene adachita bwino n'chakuti chilema chilichonse chimene adachipeza pamsewu ankabwerera nacho ku fakitale kuti lole yotsatira isakhale nacho.

Dzina la banja lidali Toyoda, ndipo tanthauzo lake ndi munda wachonde wa mpunga. Mu 1936 adalisintha pang'ono kukhala Toyota, chifukwa m'malembedwe a Chijapani dzinali limalembedwa ndi mizere 8, nambala imene kumeneko amati ndi yamwayi. Kampani ya magalimoto idaima payokha mu 1937. Fakitale yake yaikulu idamangidwa m'tauni ya Koromo, ndipo mu 1959 tauniyo idasintha dzina n'kukhala Toyota mpaka lero.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankapanga malole a asilikali a Japan. Zitsulo zitasowa, malole ena ankatuluka ndi nyali imodzi yokha kutsogolo. Nkhondo itatha mu 1945 dziko lidali pa umphawi, ndipo pofika 1950 kampani idatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Antchito adanyanyala pafupifupi miyezi iwiri, anthu oposa 2,000 adachoka pantchito, ndipo Kiichiro mwini wake adatula pansi udindo. Chimene chidawapulumutsa ndi tsoka la anzawo. Chaka chomwecho kudabuka nkhondo ku Korea, ndipo asilikali a America adaitanitsa malole ambiri ku Toyota. Kiichiro adamwalira mu 1952 asanaone kukula kwa kampani yake.

Magalimoto amene ife timawadziwa adabwera pambuyo pake. Mu 1951 adapanga galimoto yoyenda m'tchire yotchedwa BJ, imene mu 1954 idapatsidwa dzina loti Land Cruiser. Corolla idatuluka mu 1966, HiAce imene ife timaitcha chapa mu 1967, ndipo Hilux mu 1968. Koma pakati apa adagwanso chagada. Mu 1958 adayamba kugulitsa ku America galimoto yotchedwa Crown. Ku Japan inkayenda bwino pa misewu yoipa ndi liwiro lochepa, koma pa misewu ikuluikulu ya ku America injini inkatentha ndipo mphamvu inkaperewera. Chaka chimenecho adagulitsa zosakwana 300. Adaleka kuitumiza, nabwerera kukaganiza, ndipo mu 1965 adapitanso ndi Corona imene anthu adaikonda. Mwaona eti? Galimoto yabwino pamsewu wina itha kukhala yachabe pamsewu wina.

M'fakitale mwawo adatenga nzeru ya makina a nsalu ija. Pamwamba pa mzere wopangira magalimoto adapachika chingwe. Wantchito aliyense, ngakhale wamng'ono, akaona cholakwika ankaloledwa kukoka chingwecho, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere wonse unkaima. Mkulu wina wa fakitale, Taiichi Ohno, ndiye adalimbikira kwambiri machitidwe amenewa. Kulimba kumene timakutama lero kudachokera pa chingwe chimenecho, osati pa mankhwala kapena mwayi wa nambala 8.

Kuno ku Africa ya kumwera, Toyota idalowera ku South Africa mu 1961, pamene Albert Wessels adayamba kuitanitsa mapikapu otchedwa Stout. Lero Hilux imapangidwa ku Prospecton, ku Durban. Ku Chad mu 1987 asilikali okwera mapikapu a Toyota adagonjetsa asilikali a Libya amene adali ndi akasinja, mpaka nkhondoyo idatchedwa nkhondo ya Toyota. Kwathu kuno makolo amasimba kuti mtendere utabwera mu 1992, pamene anthu ankabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, magalimoto oyera a mabungwe ndiwo ankadutsa m'misewu imene idali itamera tchire. Ndipo ndani mwa ife sadaonepo Land Cruiser ya chipatala ikutulutsa mayi wodwala m'matope a mwezi wa Febuluwale? Choncho bambo uja amene adati siifa sadalankhule zopanda mutu ayi.

Koma mverani mbali inayi. Mu 2008 Toyota idaposa General Motors n'kukhala kampani yogulitsa magalimoto ambiri padziko lonse. Chaka chotsatira, mu 2009, pafupi ndi mzinda wa San Diego ku America, anthu anayi a banja limodzi adafa m'galimoto ya Lexus, imene imapangidwa ndi Toyota. Kapeti ya pansi idakola chopondera moto ndipo galimoto idakana kuchepetsa liwiro. Pambuyo pake zidadziwikanso kuti m'magalimoto ena chopondera chomwecho chinkachedwa kubwerera munthu akachotsa phazi. Magalimoto oposa 8 miliyoni adaitanidwa kuti akakonzedwe. Mu 2010 mkulu wa kampani, Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, adaitanidwa ku nyumba ya malamulo ya America kumene adapepesa, navomera kuti kampani idakula mothamanga kwambiri. Ofufuza a boma la America adapeza kuti kompyuta ya galimoto idalibe vuto, ndipo ngozi zina zidachitika chifukwa oyendetsa adaponda moto m'malo mwa buleki. Komabe mu 2014 Toyota idalipira madola 1.2 biliyoni ku boma la America, itavomera kuti idabisira anthu zimene inkadziwa. Ulusi udaduka, koma makina sadaimitsidwe msanga.

Ndipo si kalekale. Kumapeto kwa 2023 kampani ya Daihatsu, imene mwini wake ndi Toyota, idaimitsa kutumiza magalimoto ake onse zitaululika kuti kwa zaka zambiri inkachita chinyengo poyesa chitetezo cha magalimoto. Ena mwa magalimoto amenewo ankagulitsidwa ndi dzina la Toyota. Chaka chomwecho Toyota pamodzi ndi makampani ake idagulitsa magalimoto oposa 11 miliyoni. Choncho mayi uja nayenso sadaname.

Tsopano tibwere pa ife. Magalimoto ambiri amene timagula si atsopano. Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto yatsopano iyesedwe pakatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama. Eni ake ambiri amaona kuti kuli bwino kugulitsa. Popeza ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife ndi anzathu a ku Malawi, chiwongolero chili kumanja ndipo magalimotowo amatiyenera. Amabwera pa sitima zapamadzi n'kutsikira ku Durban, ku Maputo, ku Beira kapena ku Nacala. Ena amafika ali bwinobwino. Ena amachokera kumpoto kwa Japan kozizira, kumene amathira mchere mumsewu kuti madzi oundana asungunuke, ndiye pamwamba penti ikuwala koma kunsi dzimbiri lidadya kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukafunsa eni magalimoto pamsika mumva mawu awiri. Otama amati masipeya a Toyota amapezeka paliponse, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa, ndipo ukafuna kugulitsa wogula sasowa. Odandaula amati mtengo wake ndi wokwera ngakhale itakalamba, ndipo akuba amaikonda, makamaka ku South Africa. Amatinso Hilux za injini ya D-4D, zimene zidayamba kuchuluka cha m'ma 2005, zili ndi mphamvu ndipo sizimwa kwambiri, koma sizifuna dizilo wakuda kapena wamadzi. Injini zakale zinkapirira, izi ayi. Ukathira dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, majekita amawonongeka, ndipo kukonza kwake kumafuna makina amene kumudzi kulibe.

Ine ndidaonapo ndi maso anga kwa atsibweni anga. Adali ndi pikapu yakale, ndipo ine ndinkawathandiza kukweza matumba. Tsiku lina tikutsika kulowera ku Mussacama, ndidamva kulira kwachilendo ku tayala la kumbuyo. Ndidati, "Atsibweni, taimani tione." Iwo adati, "Iwe mphwanga, galimoto imadziwa mwini wake, tifika basi." Katundu adali wopitirira muyeso, ndipo beringi imene adaikako adaigula motchipa kwa munthu wina pamsika, m'kabokosi kokongola koma yabodza. Tisanafike ku Moatize tayala lidatentha n'kugwira. Tidagona pamsewu masiku awiri, ndipo ndi kutentha kwa kumeneko mbatatesi zidayamba kuola. Tidagulitsa theka la mtengo. Atsibweni adatukwana galimoto ulendo wonse wobwerera, koma ine mumtima ndidadziwa kuti galimoto idatichenjeza, ife ndife sitidakoke chingwe.

Ndiye pamsonkhano ukubwerawu ine ndidzanena chonchi. Sindikukana Toyota, mbiri yake ndi yoona ndipo adaivutikira. Koma tisatumize ndalama ya zaka zitatu pa chithunzi cha pafoni. Tipite ndi makaniko amene timamukhulupirira, agone pansi aone chesisi ngati ilibe dzimbiri kapena malo owotcherera. Injini tiilize m'mawa ikadali yozizira, tione utsi. Tisakhulupirire makilomita olembedwa pa wotchi, pakuti alipo amene amaibweza m'mbuyo. Mapepala a galimoto ndi a kasitomu tiwaone, ndipo nambala ya chesisi ifanane ndi ya papepala. Tisathere ndalama yonse pogula, ina itsale ya oyilo, mafyuluta ndi matayala. Tigwirizane chiwerengero cha matumba chimene sitidzapitirira ngakhale mtengo ku Tete utakwera bwanji. Ndipo tilembe m'malamulo a gulu kuti aliyense wokwera, kaya ndi mayi, kaya ndi mnyamata wokweza matumba, akamva phokoso lachilendo ali ndi ufulu woimitsa galimoto, dalaivala asakane.

Mwana wa mlimi uja wa ku Shizuoka adaphunzitsa makina kuima ulusi umodzi ukaduka. Kampani yake itatsata zimenezo idakula, itaziiwala anthu adafa ndipo idalipira. Ife ndi pikapu yathu imodzi sitingaposepo lamulo limeneli.

Inu anzanga amene muli ndi magalimoto, madalaivala a chapa ndi amakaniko, mutu umodzi susenza denga. Tumizani makalata anu ku wailesi kapena kwa a pulezidenti a kalabu, mutiuze zimene mwakumana nazo tisanatulutse ndalama m'bokosi. Moni wapadera kwa amayi onse a gulu lathu amene amasunga bukhu la zosonkha.