Ndani alambula njira?

Mvula ikatha, udzu umatseka njira za kumunda, za kucigayo ndi za kucipatala. Ndani ayenera kuzilambula? Funso ili ndi lakale kuno ku Chifunde.

Makolo athu ankamvera mfumu. Mfumu ikaitana, anyakwawa ankauza anthu. Onse ankatuluka ndi makasu ndi nkhwangwa, kulambula njira ndi kumanga ulalo pamtsinje.

Atsamunda Acipwitikizi anasandutsa nchito imeneyi kukhala goli. Mkulu wa posto ankalamula mfumu kuti ipereke anthu. Asipayi ankawagwira. Amuna ndi akazi, ena ali ndi ana kumbuyo, ankalima msewu popanda malipiro, akudya kamba wao. Wokana ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya. Ici ndico cibalo. Taonani, anzanga: msewuwo unali wa galimoto yodzatenga msonkho. Njira ya kumadzi mtsamunda analibe nayo kanthu. Cibalo cinathetsedwa papepala mu 1961 ndi 1962, koma kugwira anthu sikunathe msanga.

Mu 1968 FRELIMO inayamba nkhondo ya ufulu kuno ku Tete. Tinjira ta m'thengo tocokera ku Zambia tinagwira nchito yaikulu. Anthu ankasenza zida ndi ufa pamutu.

Ufulu utabwera mu 1975, mafumu anaikidwa pambali. Oitana anthu ku nchito ya pamodzi anakhala a Grupo Dinamizador. Kenaka nkhondo ina inabuka. Ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Njira zinamera mitengo, zina anakwiriramo mabomba. Mtendere unabwera mu 1992, koma nchito yocotsa mabomba m'dziko inafika mpaka 2015.

M'caka ca 2000 boma linazindikiranso mafumu. Lamulo la 2003 linatsegula njira ya mabungwe a uphungu, aja timati Conselho Consultivo, kuyambira kumidzi mpaka kuboma la Chifunde. Msewu waukulu wopita ku Cassacatiza uli m'manja mwa ANE, bungwe la boma loona za misewu. Tinjira tathu ayi. Bungwe la uphungu lilibe thirakitala. Mphamvu yake ndi pakamwa: limamva madandaulo, n'kuwapereka kwa akuluakulu a boma. Nthawi zina yankho limacedwa kwambiri, ndipo khasu limatuluka m'nyumba mwathu momwe.

Tsono tikambirane. Kwanu, ndi njira iti imene mai wapakati sangadutse mu Febuluwale? Kodi mukudziwa amene amakuyankhulirani m'bungwe la uphungu?